Makoko a Koko ku Foleshill

Tadala ndi Yamikani, tikalowa m'shopu mumandiseka kuti ndimatembenuza paketi iliyonse n'kumawerenga timalemba ta kumbuyo ngati ndikufunafuna dzina langa. Iwe Yamikani umachita kundikoka dzanja, "Mum, it's only a biscuit." Sindinakuuzeni bwinobwino kumene khalidwe limeneli linachokera, chifukwa pamene zinkachitika munali ana, ndipo zina ankazidziwa ndi bambo anu okha. Tsopano ndapuma pa ntchito, nthawi ndili nayo, ndiye ndilembe.

1991

Ndinafika ku Birmingham m'nyengo yachisanu, Tadala ali kumbuyo, kutsatira bambo anu amene anatsogola kudzaphunzira za uinjiniya. Kumudzi ndinali nditagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi mu labu ya pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Kumeneko ndiko ndinaphunzira kuti lilime nalonso ndi chida choyezera. Mkulu amene ankandiphunzitsa ntchito ankandiikira makapu a tiyi wopanda shuga pa tebulo n'kunena kuti ndiyambe ndalawa, kenako ndiyeze ndi makina, tione ngati ziwirizo zigwirizana. Zikasiyana sankandilola kupita kunyumba ndisanapeze chifukwa chake.

Ndinabwera ndi dipuloma yanga m'chikwama, koma ntchito yoyamba imene ndinapeza inali yotsuka mabotolo mu labu ya pa yunivesite, maola atatu pa tsiku. Sindinaidandaule kwenikweni. Wotsuka mabotolo amaona zambiri, ndipo palibe amamubisira kanthu. Kumeneko ndinadziwana ndi Loveness, mayi wa ku Ntcheu wa msinkhu wanga, amene ankachita digiri yake yachitatu pa za zakudya. Tinazindikirana chifukwa botolo litamupulumuka anakuwa kuti "Mayo ine!" Kuyambira tsiku limenelo tinkapempherera tchalitchi chimodzi.

1992

Chaka chotsatira ndinaona mu nyuzi kuti kampani ina yaing'ono ku Foleshill, ku Coventry, ikufuna munthu wa mu labu. Ndinakwera sitima kuchokera ku Longbridge kumene tinkachita lendi, n'kukasintha m'tauni, ndipo nditatsika basi pa Foleshill Road sindinafunse njira. Fungo ndilo linanditsogolera, fungo la chokoleti koma losakanikirana ndi lina lowawasa ngati viniga. Nyumbayo inali ya njerwa zofiira, imene kale ankalukiramo nsalu, ndipo pansi pake panali patatsala mabawuti a makina akalewo oti ukapanda kuyang'ana umapunthwa.

Mwini wake anali a Hollins, bambo wamtali wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu akuwagula. Anaiyang'ana dipuloma yanga, n'kuibweza.

"Mayi Makwinja, koko munamuonapo ali mu mtengo?"

"Ayi bwana. Kwathu timalima tiyi."

"Inenso sindinamuonepo. Ine ndimadziwa zinyalala zake basi. Tiyeni mukazione."

Anandilowetsa m'chipinda chachikulu chodzadza matumba mpaka kudenga. Anapisa dzanja m'thumba limodzi n'kunditsanulira m'manja timakoko topepuka, tofiirira, tothetheka ngati timakungu ta mtedza wokazinga. Nyemba ya koko ikakazingidwa, khungu lakelo amaliswa n'kuliuluza ndi mphepo, monga timapetera chimanga chokonola. Zam'kati zimapita kukapanga chokoleti, makokowo n'kutsala. Mafakitale a chokoleti a m'derali ankafuna wowachotsera, ndipo a Hollins ankawatenga, n'kuwagaya. Ena ankagulitsa kwa opanga zakudya za ng'ombe, ena kwa anthu a maluwa kuti aziyala m'dimba.

Ntchito yanga inali kuyeza chinyezi, kuona ngati mulibe nkhungu, komanso kuyeza chinthu china chowawa chotchedwa thiyoburomini. Chimenechi ndi pachibale pake pa chija chimakuchotsa tulo mu khofi. Munthu sichimuvuta, koma galu, kavalo kapena nkhuku zikadya chochuluka zimadwala, zina mpaka kufa. Choncho thumba lililonse lopita ku ziweto linkadutsa kaye m'manja mwanga.

Labuyo ndikaitchula labu musaganize za zija mumaona pa TV. Kale chinali chipinda chopachikamo makhothi. Munali sikelo imodzi, ovuni imodzi yosatsekeka bwino imene ndinkaitchinjiriza ndi njerwa, ndi makina akale oyeza kuchuluka kwa mtundu m'madzi, amene ankafuna theka la ola kuti atenthe asanayambe kunena zoona. Mankhwala oyezera a Hollins ankaitanitsa kamodzi pa chaka, akatha ndiye atha. Ndinkadula mapepala osefera pakati kuti andifikitse. Komabe ndinkakonda kachipindako, chifukwa kanali kanga. Ndipo ndisaiwale: a Hollins ndi amene anandilembera mapepala a pemiti ya ntchito m'dzina langa, pomwe makampani akuluakulu sankafuna n'komwe kuimva nkhaniyo.

1993

Patapita miyezi ndinayamba kuona chinthu chimene chinandisowetsa mtendere. Matumba sankafanana. Ena thiyoburomini ankakhala wambiri, ena wochepa, chonsecho mabuku amene ndinali nawo ankati chinthuchi chimakhala m'kati mwa nyemba. Nanga mu khungu chinkafikamo bwanji? Ndinafunsa a Hollins, iwo anati bola ndalemba nambala yoona, za ulendo wake alibe nazo ntchito.

Amene anandiyankha anali a Ofori, bambo wa ku Ghana amene ankayendetsa chigayo. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka khumi ndi zisanu kapena kuposerapo, ndipo ankanditchula kuti mlongo wanga. Tsiku lina pa nthawi ya tiyi anandipeza nditayala timilu ta makoko pa benchi, ndikununkhiza umodziumodzi.

"Mlongo wanga, mwataya chiyani?"

Nditawafotokozera anaseka mpaka kupukuta misozi. Anati bambo awo anali mlimi wa koko, ndipo iwowo anakulira m'munda. Akaswa zipatso, nyembazo zimatuluka zili ndi zoyera zoterera, zotsekemera. Amaziunjika pansi pa masamba a nthochi, n'kuzifunditsa ndi masamba ena, n'kuzisiya masiku angapo. Muluwo umatentha moti sungapisemo dzanja nthawi yaitali.

"Nyemba imafa m'menemo," anatero a Ofori. "Ikafa imatuluka thukuta. Zowawa zake zimatulukira kunja, khungu n'kumwa. Mlimi wodekha amadikira masiku ake onse. Wothamangira ku msika amafukula msanga, ndipo nyemba yake ukaidula m'kati imakhala yofiirira modera ngati biringanya. Ndiye matumba anuwa akukuuzani za alimi, mlongo wanga. Ili ndi la munthu wodekha. Ili mwini wake anali pa changu."

Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ngati ndatola chinthu pa msewu. Ndinagula kope lachikuto cholimba, ndipo thumba lililonse lobwera ndinkalemba kumene lachokera, fungo lake, mtundu wake, ndi mmene likumvekera pa lilime. A Ofori ankalawa nane. Makoko okazingidwa pang'ono ankaumitsa m'kamwa ngati nthochi yosapsa, monga tiyi wa ku Thyolo wosiyidwa nthawi yaitali mu ketulo. Okazingidwa kwambiri ankangowawa, osaumitsa. Ndinadziwa kuti kuumitsako kukuchokera ku gulu la zinthu zimene ndinkaziyeza kale mu tiyi, zotchedwa mapolifenolo, ndipo moto ukachuluka zimachepa. Palibe anandituma zimenezi. Chinali chidwi chabe. Chaka chomwecho unabadwa iwe Yamikani, ndipo nditabwerako ku tchuthi ndinapeza a Ofori andisungira timapaketi ta makoko a matumba onse amene anabwera ndili kunyumba, atalemba masiku ake ndi pensulo.

1995

Bambo anu anali atamaliza maphunziro, ndipo anapeza ntchito pa kampani yopanga zipangizo za magalimoto kufupi ndi ku Longbridge. Koma chilolezo chawo cha sukulu chinali chitatha, choncho banja lonse tinkakhala m'dziko muno chifukwa cha pemiti yanga. Mfundo imeneyi muisunge.

Nthawi imeneyo nyuzi zinkalemba kawirikawiri kuti mu tiyi ndi mu vinyo wofiira muli zinthu zoteteza mtima. Tsiku lina a Hollins analowa mu labu ndi nyuzi m'manja, chinthu chimene sankachita.

"Mapolifenolo amene akunena apawa, si aja mumalemba m'kope lanu?"

"Ndi omwewo, bwana."

"Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikudyetsa ng'ombe mankhwala a mtima?"

Maganizo awo anali oti tigaye makokowo mosalala kwambiri, akhale ufa woti anthu aziika mu mabisiketi ndi mu buledi. Kunena zoona ine ndinasangalala kuposa iwo. Koma chakudya cha anthu chili ndi malamulo ake. Makoko amakhala atagona pansi, atayanikidwa pa dzuwa, atayenda m'sitima za pamadzi, ndiye majeremusi sasowa. Komanso ufa wake unali wotuwa ndi wowawa. A Hollins anagula thanki yogwiritsidwa kale ntchito, yophikiramo makokowo ndi potashi pa moto waukulu, ndipo a Ofori anawachotsa ku chigayo n'kuwapatsa udindo woyang'anira thankiyo. Kuti mumve bwino, potashi amagwira ntchito ngati chidulo chimene timathira mu therere. Ufa umene unatuluka m'menemo unali wokongola zedi: wakuda bii, wosalala, wonunkhira ngati keke, wosawawa. Masampulo amene tinatumiza kokayezetsa majeremusi anabwera ali bwino.

Kunatsala kuti ine ndiyeze mapolifenolo. Njira imene ndinali nayo inali yophweka. Umaviika ufawo, n'kusefa, n'kudonthezera mankhwala achikasu m'madziwo. Madzi akasanduka abuluu ndiye kuti zinthuzo zilimo, ndipo buluuyo akachuluka ndiye kuti ndi zambiri. Ndinayeza katatu. Katatu konse madzi anasanduka abuluu wooneka bwino. A Hollins anandigwira chanza, n'kuyamba kuimba matelefoni, ndipo pasanathe mwezi anapeza mayi wina wa bekale ku Stoke-on-Trent wofuna kupanga mabisiketi olembedwa kuti ndi othandiza mtima.

Koma ine ndinali nditalawa ufawo. Sunkaumitsa m'kamwa ngakhale pang'ono. Lilime linkati zinthuzo mulibe, makina ankati zilimo. Ndinayesa kudziuza kuti lilime la munthu limanama, koma nkhaniyo inkandiyenda m'mutu m'sitima, pochapa, ngakhale pa nthawi ya ulaliki. M'mawa wina Tadala anapsereza tositi, ndipo poti ndiitaye ndinaima nayo m'manja. Ndinaikulunga n'kupita nayo ku ntchito. Ndinapala zopsererazo, n'kuviika, n'kusefa, n'kudonthezera mankhwala aja. Madzi anasanduka abuluu. Buledi woyera wopserera, wopanda koko ngakhale kambewu kamodzi.

Ndinakhala pansi. Choyamba chimene ndinamva sichinali mantha ayi, chinali chisangalalo cha munthu amene wagwira mbewa imene yakhala ikumudyera ufa. Mankhwala achikasuwo sankasankha. Zinthu zoderako zimene zimabadwa chakudya chikapsa ndi moto nazonso ankazisandutsa buluu. Mantha anabwera pambuyo, nditakumbukira za ku Stoke.

Lamulungu ndinamukokera pambali Loveness titatuluka m'tchalitchi. Ku labu yawo kunali makina olekanitsa zinthu chimodzichimodzi, n'kujambula chilichonse ngati kaphiri pa pepala.

"Asisi, mundi-runnire masampulo awiri okha."

"Awiri okha? Inu mukati awiri amakhala teni," anatero, koma anapempha kwa mkulu wake ndipo analoledwa.

Mapepalawo anandibweretsera sabata yotsatira. Pa makoko osaphikidwa panali timapiri tingapo, kamodzi mwa ito kotchedwa epikatekini, kamene kanali m'gulu la zimene nyuzi zinkatamanda. Pa ufa wathu wokongola uja pamalo pomwepo panali pafupifupi fulati. Phiri limene linaima chilili pa mapepala onse awiri linali la thiyoburomini. Moto ndi potashi zinali zitachotsa zimene tinkafuna kugulitsa, n'kusiya chimene sitinkachitchula.

1996

Ndinadikira kuti chaka chitembenuke ndisanawauze a Hollins, ndipo ndikuvomera kuti kunali kuzengereza. Pemiti yanga inkatha mu Epulo. Pamene anandibweretsera satifiketi yoti ndisaine, yopita ku Stoke, ndinawayalira mapepala a Loveness pa benchi, pambali pake n'kuikapo botolo la madzi a tositi. Anamvetsera osandidula mawu.

"Nambala imene ili pa satifiketiyi munaipeza ndinu?"

"Ndine, bwana."

"Ndi yabodza?"

"Si yabodza. Koma sikunena zimene mayi aja akuganiza kuti ikunena."

"Njira imene munayezera, si imene aliyense akugwiritsa ntchito?"

"Ndi yomweyo."

"Ufawu ungadwalitse munthu?"

"Ayi."

"Ndiye ndani anakutumani kuyeza buledi?"

Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangokhala pa sitsulo n'kundiuza kuti ogula zakudya za ziweto akucheperachepera, ndipo thankiyo ndiyo inali chiyembekezo cha kampani. "Sindikukuopsezani, Mayi Makwinja. Koma ufawu ukapanda kuyenda, sindikudziwa ngati padzakhale labu yoti ndikulembereni mapepala."

Lamulungu masana, inu mukusewera pa kapeti, ndinawafotokozera bambo anu zonse. Anazunguza kapu m'manja.

"Amake Tadala, palibe amene afe ndi bisiketi."

"Ndikudziwa."

"Tadala wangoyamba kumene kuzolowera sukulu. Ine kuntchito andilonjeza kundi-promota. Tikapakira lero, kumudzi tikayambira pati?"

"Ndikudziwa zonsezo. Koma pali nkhalamba ina imene idzagule bisiketiyo poganiza kuti ikuthandiza mtima wake, ndipo pansi pa pepalalo padzakhala dzina langa."

"Mukanapanda kuyeza tositi ija, bwenzi mutasaina ndi mtima woyera."

"Eya. Koma ndinayeza."

Anapumira m'mwamba. "Ine sindingakuuzeni kuti musaine. Komanso musandifunse kuti ndinene kuti sindikuopa."

Ndinapempha a Hollins kuti andipatse masabata atatu ndiyese njira ina. Ine ndi a Ofori tinkabwera Loweruka m'mawa, n'kumadutsitsa makokowo pa nthunzi kwa nthawi yochepa, popanda potashi. Maulendo awiri oyamba majeremusi anatsala. Ulendo wachitatu anatha, ndipo Loveness atayeza, kaphiri ka epikatekini kanalipo, kofupikirako koma kooneka. Vuto linali ufawo. Unali wotuwa ngati dothi la pa chulu, ndipo unkaumitsa m'kamwa. A Ofori atalawa anagwedeza mutu. "Uyu ndiye koko weniweni, mlongo wanga. Koma Mngelezi sadya zimenezi."

A Hollins anavomera kuti tipite ku Stoke ndi maufa onse awiri, koma anati wolankhula akhala iwo, ine ndiyankhe pokhapokha ndafunsidwa. Satifiketi inali m'chikwama chawo, yosasainidwa. Tinanyamuka m'mawa pa galimoto yawo. Kunja kunkawaza, ndipo titayandikira ndinaona kwa nthawi yoyamba mauvuni akale ootchera mbale zadothi, ooneka ngati mabotolo akuluakulu a njerwa, ataima pakati pa mizere ya nyumba.

Mwini bekale anali Mayi Baddeley, wamfupi, wamanja aakulu, wotchula aliyense kuti bakha monga amachitira anthu a kumeneko. Tinali titawatumiziratu maufawo, ndipo anatilandira ndi mbale ziwiri za mabisiketi. Analuma yakuda n'kumwetulira. Analuma yotuwa, nkhope n'kukwinyika, n'kufunafuna tiyi.

"Iyi ndiye ayi. Iyi ngakhale galu wanga angandibwezere."

Ndinangotsala pang'ono kunena kuti galu asamupatse n'komwe, koma ndinadzigwira. A Hollins analankhula za mtundu, za kusalala, za masiku obweretsera katundu. Za mtima sanatchule. Ine ndinkayang'ana mbale. Kenako Mayi Baddeley anatulutsa chithunzi cha paketi imene anajambulitsa, ili ndi kamtima kofiira pakona, n'kutembenukira kwa ine.

"Inu bakha, ndinu amene mumayeza, eti? Mwangoti duu chifikireni. Zoteteza mtima zija zili mu iyi yakudayi?"

Ndinamva a Hollins akusuntha pa mpando. Sindinawayang'ane.

"Zatsalamo zochepa kwambiri, mayi. Kuphika ndi potashi kumaziwononga. Zili mu yotuwayi."

"Imene siingadyekeyi?"

"Yomweyo."

"Nanga yakudayi muli chiyani?"

"Muli mtundu wabwino, fungo labwino, ndi gaga wothandiza m'mimba. Ndi ufa wabwino. Koma kamtimako sindingakasainire."

Anayang'ana a Hollins, n'kuyang'ana ine, n'kutembenuza chithunzi chija chafufumimba pa tebulo. "Amuna anga anamwalira ndi mtima," anatero. "Kamtimaka ndinakaikira iwowo." Anati ufa wakudawo azitengako pang'ono wokometsera mtundu wa makeke, koma mabisiketi a mtima aja awasiya.

Pobwerera a Hollins sanayatse wailesi. Tinayenda msewu wonse mpaka tinayamba kuona zikwangwani za ku Coventry. Pamenepo anafunsa, maso ali pa msewu, "Chija chimasowacho mumati chiyani?"

"Epikatekini, bwana."

Anabwereza dzinalo kawiri, molakwitsa.

Masabata awiri otsatira ndinkalowa mu labu m'mawa uliwonse ndikuyembekeza kalata. Bambo anu anali atayamba kufunsa mitengo ya makontena otumizira katundu kumudzi. Tsiku lina ndinapeza envelopu pa sikelo. Munali mapepala a pemiti, atadzazidwa onse ndi kusainidwa, popanda kakalata kalikonse. Ndinapita ku ofesi kukathokoza, ndipo anandiyankha osadzutsa mutu. "Ng'ombe zikufunabe wowayezera chakudya."

Koma oda ya Mayi Baddeley inali yochepa moti thanki inkayatsidwa kamodzi pa mwezi. Pofika mu Juni a Hollins anaigulitsa. Ku chigayo anali atalembako kale munthu wina, ndipo amene anauzidwa kuti ntchito yatha anali a Ofori. Tsiku lawo lomaliza ndinawadikira pa geti. Anandidutsa atanyamula ovolosi yawo m'jumbo, n'kungoti, "Tsalani bwino, Mayi Makwinja." Zaka zinayi zonse anali asananditchulepo choncho.

Ichi ndicho ndimafuna muchidziwe. Pa nkhani yonseyi ine ndinkawerengera kuti wolipira ndikhala ine ndi banja langa, ndipo ndinali nditakonzeka. Sindinaganizepo kuti ndikhala ndi pemiti yanga m'manja, a Ofori, bambo wa ana anayi, n'kupita kunyumba.

1999

Kampani ya a Hollins inatsekedwa mu 1998, iwo atadwala, ndipo ine ndinapeza malo mu labu yoyeza zakudya za m'mashopu, kumene ndinagwira mpaka kupuma. A Ofori sindinawaone zaka zitatu. Ndinalemba kalata kamodzi, sinayankhidwe.

Loweruka lina ndinapita ku Foleshill Road kukagula therere ndi ufa woyera ku mashopu a amwenye. Ndikusankha therere ndinamva mawu kumbuyo kwanga. "Musatenge zazikuluzo, zakhwima." Anali iwo, atavala yunifomu ya oyendetsa mabasi, imvi zitachuluka. Tinapatsana moni wa anthu osadziwana bwino. Ndinafunsa za ana, anati wamkulu ali ku koleji. Kenako ndinalimba mtima.

"A Ofori, ndinakulakwirani."

"Miyezi isanu ndi iwiri ndinakhala pakhomo. Mkazi wanga ankagwira mashifiti awiri. Ndinkakutukwanani mumtima, sindikubisirani. Ndinkati, mayi ameneyu akanangosaina, ndani akanadziwa?"

"Nanga lero?"

"Lero sindikudziwa. Tsiku lina ndimati munachita bwino, tsiku lina ndimati munachita bwino ndi ntchito yanga." Anaseka pang'ono, osati kwambiri. Tinalipira, n'kutuluka limodzi. Ndinkaganiza kuti tisiyana pomwepo, koma anaima pa khomo la shopu akukanda chibwano.

"Pali chimene chakhala chikundivuta. Thanki ija inali yotseka. Ine ndinkaitseka ndekha, mabawuti onse. Ndiye zinthu zanu zija zinkathawira kuti?"

Funso limenelo nanenso linali litandivutapo, ndipo ndinali nditalifufuza. Ndinawauza kuti sizinkathawa. Potashi ndi moto ndi mpweya zinkazichititsa kugwirana zokhazokha, tizinthu ting'onoting'ono n'kukhala zikuluzikulu zimene lilime silizimvanso ndipo thupi silizitenga mosavuta. Zikagwirana choncho zimada. Mbali ina ya kuda kokongola kuja, kumene tonse tinkakunyadira, inali zinthu zomwezo.

A Ofori anandiyang'ana pakamwa pali yasa. "Ndiye kuti tinkaziona ndi maso tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse."

"Ha!" Anawomba m'manja kamodzi, anthu odutsa mpaka kutembenuka. Anayang'ana wotchi yawo, n'kunditengera jumbo la ufa. "Shifiti yanga ikuyamba thu koloko. Tiyeni tikamwe tiyi apo, mlongo wanga, mundifotokozerenso bwinobwino kuyambira poyamba."